Lipoti la nkhani: chotupa cha paraganglioma m'chikhodzodzo mwa mayi wa zaka 34 amene ankakomoka akakodza

Mwachidule

Lipotili likunena za mayi wa zaka 34, mlimi wa mpunga wa m'boma lina la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, amene anatumizidwa kwa ife atakhala akukodza magazi kwa nthawi yoposa chaka. Konse kumene ankapita ankawapatsa mankhwala a likodzo. Pomaliza zinapezeka kuti m'chikhodzodzo mwawo munali paraganglioma, chotupa chosowa kwambiri chimene chimatulutsa mahomoni okweza BP. Tinawakonzekeretsa ndi mankhwala kwa masabata awiri, kenako tinadula mbali ya chikhodzodzo imene panali chotupacho. Ndalemba nkhaniyi makamaka kwa anzanga a m'zipatala za maboma ndi zing'onozing'ono, chifukwa chimene chinaulula matendawa chili m'manja mwa aliyense wa ife: kufunsa wodwala nthawi imene vuto lake limayamba, ndi kumuyeza BP pa nthawi imeneyo. Mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo zonse zimene zingawadziwitse ndazichotsa.

Mbiri ya wodwala

Kalata yowatumiza inali ndi mfundo ziwiri: kukodza magazi kosaleka, ndi chotupa chimene chinaoneka m'chikhodzodzo powajambula. Wolemba kalatayo ankaganizira khansa, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Munthu amene waponda madzi a m'dambo la mpunga kuyambira ali mwana, n'kupezeka ndi chotupa m'chikhodzodzo, kwathu kuno timayamba taganiza za khansa ya squamous cell, imene imabwera tizilombo ta likodzo, totchedwa Schistosoma haematobium, titaononga chikhodzodzo kwa zaka zambiri. Ku Ulaya khansa ya mtundu umenewu ndi yosowa, koma m'mawodi mwathu ndi ya tsiku ndi tsiku.

Kabuku kawo ka kuchipatala kanali kodzaza. M'miyezi 14 anamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, katatu. Ulendo woyamba mazira a likodzo anaonekadi mu mkodzo, koma maulendo awiri otsatirawo mkodzo sunayezedwe. Analandiranso ciprofloxacin kangapo. Pakati pa masamba amenewa panali madandaulo ena amene ankalembedwa ngati nkhani yapadera: mutu, mtima kuthamanga, chizungulire. Tsiku lina anapatsidwa LA, tsiku lina panado, ndipo tsiku lina propranolol. Za propranolol mayiwa ankakumbukira bwino. Anati mankhwalawo anawawonjezera mutu ndipo manja ankazizira, choncho anawasiya patangopita masiku ochepa. BP yolembedwa m'kabukumo inali yodumphadumpha: 118/76, 124/80, 176/104, kenako 130/84.

Anakhalapo ndi pakati kanayi ndipo ali ndi ana atatu amoyo. Pa mimba yomaliza BP inayamba kukwera m'mwezi wachisanu, ndipo mwana anabadwa wakufa m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Anauzidwa kuti inali pre-eclampsia, matenda a BP yokwera chifukwa cha mimba. Bambo awo owabereka anamwalira mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 50, ndipo kumudzi ankati inali BP. Mayiwa sasuta fodya, samwa mowa, ndipo alibe HIV.

Nditawerenga kabukuko ndinawafunsa kuti, "Mayi, mutu umenewu umayamba nthawi yanji?"

Anayang'ana pansi kaye. "Ndikapita kokataya madzi, adokotala. Ndikangomaliza basi, mtima uli phaphapha, mutu kuwawa koopsa, thukuta kamukamu. Ndimayenera kukhala pansi mpaka zidutse."

Achemwali awo aakulu, amene anali gadiyani, anawonjezera kuti kawiri anawapeza atagwa kuchimbudzi, milomo itayera. Akubanja anaona kuti matenda ogwira munthu pamalo amodzimodzi si achabe, moti anapita nawo kwa sing'anga ndi kumapemphero, ndipo amuna awo anafika pokumba chimbudzi china. Ine sindiwaseka anthuwa. Anaona bwinobwino chimene kabuku konse kanalephera kulemba, chakuti vutoli limayenda limodzi ndi kukodza. Mayiwa nawo anazindikira zomwezo, n'chifukwa chake anachepetsa kumwa madzi kuti asamapite kuchimbudzi pafupipafupi. Nditawafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi kuchipatala, anati palibe anawafunsapo, komanso pa mzere wautali munthu umangotchula chachikulu chimene wabwerera.

Zimene tinapeza powayeza

Anali owonda pang'ono, maso oyererako, pakamwa pouma. BP atagona inali 128/82, mtima ukugunda ka 92 pa mphindi. Ataimirira BP inatsika kufika 104/70. Pamimba panalibe chotupa chogwirika, ndipo khomo la chiberekero linali labwinobwino. Kukwera kwa BP kophatikizana ndi kutsika kwake munthu akaimirira, asakumwa mankhwala aliwonse, n'chizindikiro choyenera kuchisunga m'mutu, pakuti mitsempha ikakhala yofinyika nthawi yaitali madzi oyenda m'mitsemphamo amachepa.

Tinawagoneka m'wodi ndi kupempha namwino kuti nthawi iliyonse akafuna kukodza ayezedwe BP asanayambe, ndiponso akangomaliza, pafupi ndi bedi pomwepo. Sitinawachititse chachilendo chilichonse, ndipo sitinapsinje pachinena. Tinangoyeza chimene chinkachitika kale tsiku lililonse. Usiku woyamba, asanakodze BP inali 126/80. Patangopita mphindi ziwiri atakodza inali 214/118, mtima ukugunda ka 132, nkhope ili thukuta lokhalokha, zala zikunjenjemera. Pakutha kwa mphindi 20 inabwerera pa 134/86 popanda mankhwala. M'mawa mwake zinachitikanso chimodzimodzi.

Magazi anali 9.8 g/dL. Impso zinkagwira bwino ntchito. Shuga asanadye anali 7.4 mmol/L, wokwera pang'ono, zimene zimachitika chifukwa mahomoni a chotupa chotere amaletsa kutuluka kwa insulin. Mu mkodzo munali magazi koma munalibe mazira a likodzo. Sikani ya ultrasound inaonetsa chotupa cha masentimita 3.8 pakhoma la kutsogolo chakumtunda kwa chikhodzodzo, chosalala, chokhala mkati mwa khoma lenilenilo, ndipo Doppler, imene imaona kayendedwe ka magazi, inaonetsa magazi ambiri akuyenda m'kati mwake. Impso sizinali zotupa, ndipo khoma lotsala la chikhodzodzo silinali lokhuthala monga timaonera pa likodzo lokhalitsa.

Chotupa chimenechi n'chotani

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal, ndipo pakati pake pali maselo amene amapanga adrenaline ndi noradrenaline, mahomoni amene amathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha munthu akachita mantha. Chotupa cha maselo amenewa chikamera mu adrenal chimatchedwa phaeochromocytoma. Koma maselo omwewa amapezekanso apo ndi apo motsatira msana mpaka m'chiuno, ndipo ochepa ali m'khoma la chikhodzodzo. Chotupa chikamera kunja kwa adrenal ndiye paraganglioma. Cha m'chikhodzodzo chinalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1953, ndipo mwa zotupa 1,000 za m'chikhodzodzo sichikwana n'chimodzi chomwe. Chimakonda anthu a zaka za pakati pa 20 ndi 50, kusiyana ndi khansa ya urothelial, ya khungu la mkati mwa chikhodzodzo, imene imagwira kwambiri achikulire.

Popeza chotupacho chakhala pakati pa minofu ya chikhodzodzo, munthu akamakodza minofuyo imachifinya ngati mmene timafinyira ndimu, ndipo noradrenaline amakhuthukira m'magazi nthawi imodzi. Mutu, thukuta, kugunda kwa mtima ndi kukomoka zimachokera pamenepo. Thupi limaphwanya mahomoniwa msanga, n'chifukwa chake wodwala akamafika pa benchi ya kuchipatala BP yake imakhala yabwino ndipo amaoneka ngati akukokomeza. Tiyenera kudziwanso kuti si onse amene amakhala ndi zizindikiro zooneka chonchi. Ena amangokodza magazi basi, ndipo chotupacho chimadziwika BP itaphulika ali kale pa tebulo la opaleshoni. Amenewo ndiwo amandidetsa nkhawa koposa.

Za propranolol zija zikumvekanso tsopano. Noradrenaline amafinya mitsempha kudzera m'malo otchedwa alpha, pamene malo a beta ena amathandiza kuimasula. Ukatseka beta pokha, monga amachitira propranolol, mitsempha imafinyika popanda choletsa, ndipo mtima umene wafooketsedwa ndi mankhwalawo uyenera kukankha magazi m'njira yopanikizika. Anthu amafa nazo zimenezi, ena ndi sitiroko, ena madzi atadzaza m'mapapo. Mayiwa anadzipulumutsa posiya mankhwala aja.

Nkhani yodula kachidutswa

Pa msonkhano wathu wokambirana odwala panali kusiyana maganizo, ndipo ndikufuna ndikufotokoze chifukwa ndipo pagona nkhani yonse. Njira yanthawi zonse ya chotupa cha m'chikhodzodzo ndi yodziwika: kulowetsa kamera kudzera m'njira ya mkodzo, kudula kachidutswa kapena kupala chotupa chonse, n'kutumiza ku labotale. Mnzanga wina ananena kuti tisataye nthawi ndi matenda a m'mabuku pamene khansa ya squamous cell ndiyo timaiona sabata ndi sabata, ndipo kuchedwa kulikonse kumaipatsa mpata wofalikira. Mfundo yake inali yolemera. Odwala athu ambiri a khansa imeneyi amafika mochedwa kale.

Ine ndinakana kuti chotupachi chikhudzidwe. Kudzaza chikhodzodzo ndi madzi, kugunda chotupa ndi chitsulo, ndi kuchiotcha ndi magetsi, zonsezi ndi kufinya komwe kuja, koma kwamphamvu ndi kwa nthawi yaitali, mwa munthu amene sanatetezedwe. BP ikhoza kudutsa 250, mtima n'kusokonekera kagundidwe kake. Chotupachi chilinso ndi mitsempha yambiri, moti chikayamba kutaya magazi sichileka msanga. Kuwonjezera apo, kupala sikungachotse chotupa chimene chakhala mkati mwa khoma. Pepala la BP la namwino uja ndi limene linathetsa mkangano. Khansa ya squamous cell siikweza BP kuchoka pa 126 kufika pa 214 chifukwa choti munthu wakodza. Tinagwirizana kuti tiyambe mankhwala otetezera tsiku lomwelo titangotenga zoyeza, ndi kuti zotsatira zikabwera zosagwirizana ndi maganizo athu, tidzakhala titataya masabata awiri okha.

Kutsimikiza

Choyezera chodalirika ndi metanephrine ndi normetanephrine, zotsalira za mahomoni aja thupi likawaphwanya: metanephrine amachokera ku adrenaline, normetanephrine ku noradrenaline. Ubwino wake n'ngwakuti chotupa chimazitulutsa mosalekeza, ngakhale pa nthawi imene wodwala ali bwino. Zikhoza kuyezedwa m'magazi, wodwala atagona chagada kwa mphindi zosachepera 20 asanatengedwe, kapena mu mkodzo wa maola 24. Ife tinasonkhanitsa mkodzo wa maola 24, ndipo unatumizidwa ku South Africa kudzera ku labotale yolipira. Ndalama zake anasonkha achibale, atagulitsa matumba a mpunga. Ndimalemba zimenezi chifukwa ndi gawo la chithandizo, ndipo dokotala amene akulemba pepala la zoyeza ayenera kudziwa chimene akupempha banja kuti lichite.

Zotsatira zinaonetsa normetanephrine wokwera kuposa kasanu pa malire ake, pamene metanephrine anali wabwinobwino. Zimenezi zinagwirizana ndi chotupa cha kunja kwa adrenal, pakuti chopangira adrenaline kuchokera ku noradrenaline chimapezeka makamaka mu adrenal momwemo.

Sikani ya CT ya pachifuwa, pamimba ndi m'chiuno inaonetsa chotupa chowala kwambiri mankhwala ojambulira atalowa, chosapyola khoma la chikhodzodzo, chotalikirana ndi pamene mipita yochokera ku impso imalowera. Ma adrenal onse awiri anali abwino. Motsatira mtsempha waukulu wa aorta munalibe chotupa china, ndipo chiwindi, mapapo ndi mafupa ooneka zinali zoyera. Kujambula kwa MIBG kapena PET ya DOTATATE, kumene kumafufuza zotupa zotere thupi lonse, kukanafuna ulendo wa kunja ndipo sikunatheke. ECG ndi sikani ya mtima zinali zabwino.

Kukonzekera opaleshoni

Malangizo a mu 2014 a Endocrine Society, bungwe la akatswiri a za mahomoni, amati wodwala wotere alandire mankhwala otseka alpha kwa masiku 7 mpaka 14 asanachitidwe opaleshoni. Phenoxybenzamine sanapezeke, choncho tinagwiritsa ntchito doxazosin, amene ambiri timamudziwa ngati mankhwala a abambo ovutika ndi prostate. Tinayamba ndi 1 mg usiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka 4 mg kawiri pa tsiku. Cholinga chinali BP yosapitirira 130/80 atakhala pansi, ndipo ya pamwamba isatsike kupyola 90 ataimirira.

Chovuta kwambiri chinali kuwamwetsa madzi. Munthu amene wakhala chaka akuthawa madzi chifukwa choopa chimbudzi, lero ukumuuza kuti amwe malita atatu pa tsiku ndi kuthira mchere wambiri m'ndiwo. Achemwali awo anadabwa: "Adokotala, a BP paja amaletsedwa mchere?" Ndinawalongosolera kuti mitsempha ikamamasuka ndi mankhwala imafuna madzi oidzaza, apo ayi mayiwa azigwa akaimirira, ndipo pa opaleshoni BP idzatsika koopsa chotupa chikangochoka. Tinawauzanso kuti azikodza pafupipafupi osadikira chikhodzodzo kudzaza, azikhala kaye pansi akamaliza, ndipo tinawapatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi kuti asamadzikakamize. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, BP akakodza inkafika cha m'ma 160 basi ndipo mutu unachepa. Apa m'pamene anayamba kutikhulupirira. Mtima unkathamangabe, ndiye pa tsiku lachisanu ndi chitatu, alpha atatsekeka bwino, tinawonjezera atenolol 25 mg, mankhwala otseka beta.

Pa fayilo yawo tinalemba ndi zilembo zazikulu mankhwala oletsedwa. Woyamba anali metoclopramide, amene amaperekedwa mosaganizira kawiri kwa aliyense wochita mseru, koma amatha kuchititsa chotupa chotere kukhuthula mahomoni ake.

Chilolezo cha opaleshoni chinatenga masiku. Mayiwa anamva zonse ndipo anavomera, koma anati sangasaine amalume awo asanamve, pakuti ndiwo eni mbumba. Tinadikira, popeza masikuwo anali omwewo a mankhwala. Amalumewo atafika anafunsa mafunso awiri: ngati mayiwa adzakodzenso bwinobwino, ndi ngati adzaberekenso. Ndinayankha kuti chikhodzodzo chidzachepa pang'ono koma chimatambasuka pakapita miyezi, ndi kuti chiberekero sitichikhudza. Ndinawauzanso mosabisa kuti opaleshoniyi ili ndi ngozi ya imfa, ndi kuti kusiya chotupacho kuli ndi ngozi yoposa.

Ku fiyeta

Opaleshoni imeneyi ndi ya wogonetsa odwala kuposa ya wogwira mpeni. Ine ndinali ndi chotupa chaching'ono pamalo osavuta kufika. Mnzanga wa kumutu kwa tebulo ndiye anali ndi ntchito.

Mankhwala awiri amene takhala tikuwadalira m'mafiyeta ambiri a m'maboma ndi osayenera pano. Ketamine amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima, ndipo halothane amachititsa mtima kusokonekera msanga ukakumana ndi adrenaline kapena noradrenaline. Tinagwiritsa ntchito propofol, fentanyl, vecuronium ndi isoflurane. Tinaika kapaipi mu mtsempha wa padzanja koyezera BP mosalekeza, madilipi awiri aakulu, ndi magazi mapaketi awiri pafupi. Chida chathu chachikulu chinali magnesium sulphate, yemweyu amene ali m'wodi iliyonse ya amayi oyembekezera chifukwa cha eclampsia. Amaletsa kutuluka kwa mahomoni aja, amamasula mitsempha, ndiponso amateteza kagundidwe ka mtima. Kugwiritsa ntchito magnesium pa opaleshoni ya zotupa zimenezi kunaphunziridwa kwambiri kuno kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1980. Anapatsidwa magalamu atatu asanalowetsedwe paipi yopumira, kenako wina n'kumadontha pang'onopang'ono. Choyenera kusamala n'chakuti magnesium amatalikitsa mphamvu ya mankhwala ofooketsa minofu, choncho vecuronium anachepetsedwa.

Atagona tinayamba taona ndi kamera, chikhodzodzo chili ndi madzi ochepa. Chotupacho chinali chotukuka pansi pa khungu la mkati losalala, chofiirira chachikasu, mitsempha yotupa ikuyenda pamwamba pake, ndi kachilonda kakang'ono pansonga pamene magazi ankatulukira. Chakumunsi kunali timadontho tooneka ngati mchenga, zipsera za likodzo lakale. Sitinadule kanthu.

Tinang'amba pamimba kuchokera pansi pa mchombo kutsika. Ndinatsegula chikhodzodzo patali ndi chotupa, n'kuyamba kumanga mitsempha yochizungulira ndisanachigwire. Ngakhale zinali choncho, pamene ndinachinyamula kuti ndidule kumbuyo kwake BP inafika 198/110. Mnzanga anati ndiime, ndinachotsa manja, anawonjezera magnesium, ndipo itatsika ndinapitiriza. Zimenezi zinachitika kangapo. Tinachotsa chotupacho pamodzi ndi khoma lonse la pamalopo, ndi sentimita imodzi ya mnofu wabwino mozungulira, komanso timabulu ta lymph ta m'chiuno mbali zonse ziwiri. Mtsempha womaliza utangomangidwa BP inagwa kufika 78/44. Magnesium anaimitsidwa, madzi anathamangitsidwa, ndipo anayamba kulandira adrenaline wodontha. Chikhodzodzo tinachisoka mizere iwiri, tinasiya paipi ya mkodzo ndi ina yotulutsa madzi pabala. Sanafunike kuikidwa magazi.

Atachoka ku fiyeta

Anagona kuchipinda cha odwala kwambiri usiku umodzi. Adrenaline anachotsedwa patapita maola asanu ndi limodzi. Tinkayeza shuga ola lililonse, ndipo pakati pa usiku anatsika kufika 3.1 mmol/L, anapatsidwa dextrose, shuga wa m'dilipi. Zimenezi zimayembekezeka, chifukwa insulin amene ankaponderezedwa amatuluka wambiri chotupa chikachoka, ndipo wodwala amene adakali ndi tulo ta mankhwala sangakuuze kuti akumva njala kapena kunjenjemera. Doxazosin ndi atenolol sanapitirizidwe. Paipi ya mkodzo inachotsedwa pa tsiku la 14. Atakodza koyamba, namwino yemwe uja anawayeza: 118/74 asanakodze, 122/76 atakodza.

Zotsatira za ku labotale

Pa pepala lotumizira chotupa ndinalemba mbiri yonse ndi zotsatira za normetanephrine, ndipo ndikupempha anzanga kuti azichita chimodzimodzi. Paraganglioma imakhala mkati mwa minofu ya chikhodzodzo mwachibadwa chake, ndipo maselo ake amaunjikana timagulu. Woyeza amene wangolandira kachidutswa kopsa ndi magetsi ndi mawu akuti chotupa cha m'chikhodzodzo akhoza kulemba kuti ndi khansa ya urothelial imene yalowa m'minofu, ndipo chotsatira chake n'kuchotsa chikhodzodzo chonse kwa mayi wa zaka 34. Ngakhale choyezera cha GATA3, chimene ambiri amachidalira pozindikira khansa ya urothelial, chimaonekanso pa paraganglioma.

Lipoti linati maselo anali m'timagulu tozunguliridwa ndi timitsempha ting'onoting'ono, kaonekedwe kotchedwa Zellballen. Chromogranin ndi synaptophysin, zizindikiro za maselo opanga mahomoni, zinaoneka, koma cytokeratin, amene amaoneka pa khansa ya urothelial, sanaoneke. M'mphepete monse munali moyera, ndipo timabulu ta lymph tinalibe chotupa. M'khungu la mkati loyandikana nalo munali mazira akale a likodzo, ouma. Choncho amene anapereka praziquantel ulendo woyamba sanalakwe. Likodzo linalipodi. Vuto linabwera pamene magazi sanaleke ndipo yankho linakhalabe lomwelo. Maganizo anga ndi akuti munthu wamkulu amene wamwa praziquantel pa mlingo woyenera wa 40 mg pa kilogalamu, n'kumakodzabe magazi patapita miyezi iwiri kapena itatu, mkodzo wake uyezedwenso ndipo ajambulidwe chikhodzodzo chili chodzaza, asanapatsidwe mankhwala ena. Mwa anthu otere paraganglioma mwina sitidzaipezanso pa moyo wathu wonse wa ntchito, koma khansa ya squamous cell tidzaipeza, ndipo ina tidzaipeza idakali yochotseka.

Za mimba yotayika ija ndimaziganizira kwambiri. BP imene imayamba msanga, yokwera ndi kutsika, yobwera ndi mutu ndi thukuta, iyenera kutikumbutsa chotupa chimenechi, pakuti noradrenaline amafinya mitsempha yopita ku nsengwa, ndipo chiberekero chikamakula chimapsinja chikhodzodzo. Ndikukhulupirira kuti chotupachi chinalipo kale nthawi imeneyo. Chikapanda kudziwika pa mimba chikhoza kupha mayi ndi mwana yemwe, makamaka pa nthawi yobereka.

Kulondoloza

Kuyambira mu 2017 bungwe la WHO linasiya kugawa zotupa zimenezi kuti china n'chabwino china n'choipa. Chilichonse chimatengedwa kuti chikhoza kufalikira, ndipo palibe chooneka pa maikulosikopu chimene chingatitsimikizire kuti sichidzabweranso. Chikhoza kuonekera m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi kapena m'timabulu ta lymph patapita zaka zambiri. Ndinawauza mayiwa ndi achemwali awo kuti chotupa chachoka chonse, koma kabuku asakataye, chifukwa adzafunika kuonedwa chaka ndi chaka moyo wawo wonse.

Patapita masabata asanu ndi limodzi, normetanephrine wa mu mkodzo anali wabwinobwino. Pa miyezi isanu ndi umodzi BP inali 116/72 popanda mankhwala, shuga anali bwino, magazi anakwera kufika 12.4 g/dL, ndipo ultrasound sinaonetse kanthu. Kukodza pafupipafupi kumene kunalipo m'miyezi yoyamba kunatha. Anabwerera kumunda. Popeza adzapitiriza kulowa m'madzi a mpunga, tinagwirizana kuti azimwa praziquantel akamagawidwa m'dera lawo, koma akadzaonanso magazi mu mkodzo abwere kwa ife mwachindunji. Anasankha jakisoni wolera mpaka chaka chithe, ndipo akadzaima adzayambire sikelo ku chipatala chachikulu.

Chotsala ndi banja. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu a zotupa zimenezi amakhala kuti anatengera kwa makolo, ndipo mwayi umenewu ndi waukulu kwa amene wadwala ali wamng'ono, chotupa chili kunja kwa adrenal, ngati mayiwa. Kusintha kwa chibadwa kotchedwa SDHB n'kumene timakuopa kwambiri, chifukwa kumayenda ndi zotupa zofalikira, ndipo kholo likakhala nako mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera. Imfa yadzidzidzi ya bambo awo ikulozanso komweko. Kuyeza DNA sikunatheke chifukwa cha mtengo wake, choncho tikuwasamala ngati kuti anatengeradi. Normetanephrine aziyezedwa chaka chilichonse ndalama zikalola, ultrasound ya pamimba ndi BP mosalephera, ndipo CT kapena MRI pakaoneka chokayikitsa.

Achemwali awo tinawayeza BP ndi kuwajambula pamimba, ndipo zonse zinali bwino. Alongo awo awiri ali ku Johannesburg, ndipo tinalemba kalata yachingerezi yofotokoza matendawa kuti akaonetse ku chipatala kumeneko, kumene kuyeza metanephrine n'kosavuta. Ana atatu aja, wamkulu wa zaka 15, adzabwera nawo pa ulendo wotsatira kuti tidzawayeze BP ndi kuwafunsa za mutu, thukuta ndi kugunda kwa mtima. Clinical officer wa pa chipatala cha kwawo tinamulembera dongosolo lonseli, pamodzi ndi mndandanda wa mankhwala oyenera kupewa ngati zizindikiro zitadzayambiranso.